Chitseko cha a Zimba a ku Pamacheka

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda a Filimoni Zimba, koma ine m'mawa ndikumatulutsabe makapu awiri a tiyi. Ana amandiseka. Ndimawauza kuti awasiye manja angawa, adzazolowera okha. Abusa anandipempha kuti ndinenepo mawu pa mapemphero owakumbukira, koma pagulu ine lilime limalemera, ndiye ndati bola ndilembe. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, pomwe pakhota muwongole nokha. Ndikuyamika Mulungu amene anatibweretsera munthu ameneyu, ngakhale mwini wake akanandimva ndikutero akanati, "Amake Tadala, chinandibweretsa ine ndi basi ya ku Coolock. Mulungu musamamusenzetse katundu wa ena."

Sanali m'bale wanga. Ku Dublin kuno anachita kuitanidwa ndi mwana wawo Esinati, nesi wa pachipatala chachikulu cha ku Beaumont, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Zinthu zitayamba kuvuta m'dziko muno, mafakitale akutseka, nyumba zikusiyidwa zosafolera, manesi ambiri ananyamuka wa ku Australia. Esinati nayenso anapeza malo kumeneko. Anakonza zonse, koma bambo ake anakana.

"Ababa, mutsala ndi ndani kuno?"

"Ndi ine mwini."

"Kumeneko kuli dzuwa ngati kwathu."

"Dzuwa ndinaliona kale. Ine ndasamutsidwa mokwanira, mwanawe. Sindine mbuzi yoti aliyense wogwira chingwe azindikoka."

Esinati anadzalira kwanga tsiku lonse. Nthawi imeneyo bambo a ana anga anali atawolokera ku Mangalande kukasaka ntchito, zomangamanga zitaima, ndipo ine ndinali ndi kachipinda kosungiramo makatoni. Ndinati abwere. Anafika ndi sutikesi imodzi ndi thumba lachiguduli lolemera ngati mwala, momwe munali sowo, hamala, pulena ndi chingwe chodetsedwa ndi makala. Anaima pakhomo, chitseko chili chotsegula, ine ndili pomwepo ndikuwayang'ana, n'kugogoda.

"Lowani bambo, si mukundiona?"

"Ndikukuonani. Koma munali musananene."

Ndi mmene analili. Sankalowa paliponse osaodira. Kukhitchini, odi. Kuchipinda cha ana, odi, n'kudikira mpaka kamwana kayankhe. Mwana akawalowera osagogoda ankamubweza kuti akayambirenso panja. Tadala wanga, yemwe Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, anawatcha Agogo Odi. Kulikonse kumene tapita, kaya kwa dokotala kaya kupositi, ankayamba asisita chitseko, kuchigogoda ndi chala, n'kupukusa mutu kuti imeneyi ndi katoni yopaka penti. Maso awo anali ofiira nthawi zonse, otuluka misozi ngakhale akuseka, ndipo ankakonda kudzisasa kumutu ngati pagwera kanthu, chonsecho tsitsi linatha kalekale.

Kutchalitchi sankapita, ndipo pamenepo ndiye tinkakokana. Ankati iwo ndi Mulungu anadziwirana m'dzenje, safuna mkhalapakati womanga tayi. Ndikati tidalitse chakudya ankavula chipewa, koma ameni ankamunena ine ndisanafike pakati, ati mpunga ungazizire. Tsiku lina ndinapsa mtima.

"Bambo, inu okonda kugogodanu, kumwambanso mudzagogoda."

"Ndidzagogoda. Akadzafunsa kuti ndani, ndidzati wa ku Pamacheka. Ndione ngati kumeneko aliko wodziwako, popeza pansi pano onse akukana."

Pamacheka ndi mudzi umene anakulira, ndipo pa mapu palibe. Nkhani yake sankaikamba atakhala pansi ayi. Inkatuluka zidutswazidutswa manja akugwira ntchito, akukonza mpando kapena akunola sowo, ine n'kumatola.

Anabadwira ku Halale, m'lokeshoni. Bambo awo anali a kwathu ku Nyasalande, ogwira ntchito ya njanji, ndipo mayi awo anali Mshona. Antchito atanyanyala ntchito, boma la kumeneko linasankha alendo, linawakweza sitima ndi malole, n'kukawatula kuseri kwa malire. Amene ankadziwa kwawo anapita kwawo. Koma panatsala gulu losowa kolowera: amuna amene anachoka kumudzi ali anyamata n'kupeza makolo anamwalira ndipo malo anagawana, akazi achilendo, ana osadziwa n'Chichewa chomwe, ena ochokera ku Joni, ena a ku Mozambiki amene anangokokedwera limodzi. Amenewa anawatengera kumapiri, m'nkhalango momwe kampani ina inkacheka mibawa ndi milombwa. Midzi yozungulira inkawatcha Otayidwa. Iwo anakana dzinalo. Anati ife ndife a Pamacheka, chifukwa kuyambira m'mawa chimene chinkamveka kumeneko ndi kulira kwa macheka basi.

Macheka ake anali a anthu awiri. Chipika ankachigoneka pamwamba pa dzenje, wina n'kuima pamwamba kutsata mzere wa makala, wina m'dzenjemo kumakoka. A Zimba anali wapansi kuyambira ali mnyamata. Utuchi wonse unkagwera iwo, m'maso, m'kamwa, kumutu. Ndi umene unawafiiritsa maso, ndi umene ankausasabe atakalamba ku Ulaya. Koma sankalola kuwamvera chisoni. Ankati wapansi amadya utuchi, koma ndiye amakoka, ndipo akaleka kukoka wapamwamba amangokhala munthu woima pa mtengo.

Atafika kumeneko anawaika m'zisakasa zazitali zopanda zitseko. Kapitawo ankangolowa m'mamawa, kudzutsa anthu ndi nsapato, amayi asanamange n'chitenje chomwe. Mayi a a Zimba, m'Chichewa chawo chokhotakhota, anauza amuna awo kuti sadzasonkhanso moto mpaka pakhomo pakhale chitseko. Bambowo anatola matabwa am'mbali, aja akhungwa amene kampani inkataya, anawakhoma, n'kuwapachika ndi zidutswa za tayala. M'mawa mwake kapitawo anakankha, chosatseguka. Mkati munamveka mawu a mayi aja: "Gogodani." Mwezi usanathe khomo lililonse linali ndi chitseko. Linasanduka lamulo la mudzi. Palibe wolowa osagogoda, ngakhale mzungu wa kampani. Mnyamata sankapatsidwa mkazi asanakhome chitseko chake. Munthu akamwalira ankamunyamulira pa chitseko chake kupita kumanda, ndipo thabwa limodzi ankalizula kuti atsike nalo, asakakhale pambalambanda kumene akupitako.

Ine ndinkamva zonsezi ngati nkhani zakale. Sindinkadziwa kuti zidzandipeza ku Coolock.

Chinali chaka chija kunagwa sinoo wambiri mpaka mabasi kuima. Mwini nyumba yathu anali mwamuna wa konkuno, womanga nyumba, amene ntchito yake inagwa limodzi ndi za anzake. Banki inkafuna kumulanda, ndiye iye ankafuna kuigulitsa msanga ili yopanda anthu. Renti ndinkapereka, pangano lathu linali lisanathe, koma anabwera kudzati tichoke Khirisimasi isanafike. Ndinamufunsa kuti ndipita kuti ndi ana awiri ndi nkhalamba m'chisanu chotere.

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kokolopa maofesi, ndinapeza pakhomo pali pululu ngati pozuka dzino. Chitseko palibe. Sinoo anali atalowa mpaka pa masitepe. A Zimba anali ataperekeza ana kusukulu, ndipo landilodi anabwera ndi vani yake nthawi yomweyo. Mayi Noreen, gogo wachizungu woyandikana nafe, anamufunsa, iye n'kuti akukachikonza.

Ndinagwada pa sinoo pomwepo, kulira ndi kupemphera kusakanikirana. Kenako ndinayamba kuponya mapoto m'zikwama. A Zimba anandipeza ndili pakalikiliki. Anaima panja, anaodira ngakhale panalibe chogogoda, anasisita felemu pomwe panali mahinjesi, ndipo anaseka. Ndinali ndisanawamvepo akuseka choncho.

"Amake Tadala, mukupakira chiyani?"

"Bambo, ana agona bwanji muno? Tipite kwa abusa."

"Mukatuluka ndi katundu lero, mawa mupeza chitseko chabwerera ndi loko wina. Amachotsa chitseko kuti muchoke ndi miyendo yanu, iwo azidzati sanathamangitse munthu. Bwezani mapotowo."

"Ndiye titani?"

"Landilodi wanuyu ndi mwana, mayi. Masewera amenewa anawayamba ndi ena, odziwa kuposa iyeyu. Pulamu ya mwana ija ilipo?"

"Ndisiyeni ndipemphere kaye."

"Pempherani, koma likhale pemphero loyenda."

Tinapempha mayi Noreen kuti aime pakhomo, ife n'kukankha pulamu, kangolo kaja kokankhiramo khanda, yopanda mwana kulowera kumafakitale otsekedwa aja. Kuseri kwa ina kunali mulu wa mapaleti, timatabwa tija tonyamulirapo katundu. Mlonda anatiyang'ana, anayang'ana pulamu, n'kutembenukira kwina. A Zimba ankagogoda paleti iliyonse, kumvetsera, ina kuikana, ina kuivomera, ngati munthu wosankha mavwende pamsika. Ine zala zinali zitafa.

"Bambo, tengani iliyonse, kukuzizira."

"Chitseko si iliyonse."

Anakhomera panja, pamsewu pomwe, anthu akuona. Anayala matabwa, anakoka chingwe chawo chamakala n'kuchilasa, mzere wakuda n'kutsala pa thabwa. Ine ndinkapanikiza ndi bondo iwo akucheka. Ndi pamenepo, mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi, pamene anandiuza mmene Pamacheka panathera.

Mitengo ikuluikulu itatha, kampani inanyamula zake n'kupita. Kenako kunabwera a zankhalango kudzati malowo ndi a boma, anthu achoke. Achoke apite kuti? Chimanga chinali m'munda, manda anali atadzaza kale mzere. Anthu anakana. Mvula itangoyamba kunabwera asilikali, osamenya munthu, osatentha nyumba, kungozula zitseko zonse n'kuziponya m'lole. Dzuwa lisanalowe amuna anali atafukula matabwa otayidwa m'milu ya utuchi, khomo lililonse latsekedwanso. Anabweranso, anazulanso, anthu anakhomanso. Mayi awo, atakalamba tsopano, ankawauza asilikaliwo kuti anyamule bwino, angabaidwe ndi misomali. Mapeto ake anatopa ndi ozulawo. Anthu anakolola chimanga chawo, analambula manda, ndipo tsiku limene anasankha okha anatsika phiri pamzere, aliyense chitseko chake pamutu. Ena analowera ku Zambia, ena m'matauni, osaonananso.

"Komabe munachoka," ndinatero ine, chifukwa mtima unali utawawa.

Anasiya kucheka n'kundiyang'ana ndi maso awo ofiira aja.

"Kuthamangitsidwa n'kwina, kuchoka n'kwina. Zoyambazo ndinazilawa ndili mwana. Gwirani thabwalo."

Mayi Noreen anakazula mahinjesi ndi mpiringidzo pa shedi ya malemu amuna awo n'kutipatsa. Chitseko chinatuluka chonyansa, ndisaname, cholemera, thabwa lina labuluu lina loyera, m'mipata tinatsekamo zidutswa za bulangete lakale. Koma chinalowa m'felemu ngati chinabadwira momwemo. Ana pobwera kusukulu anapeza pakhomo potseka. Tadala anagogoda yekha osauzidwa.

Landilodi anafika chakumadzulo ndi munthu wa maloko. Tinamva vani, kenako chitseko chinagwedezeka. Anakankhanso ndi phewa. Anayamba kukalipa kuti nyumbayi ndi yake, ndani waika chinyalala chimenechi, titsegule msanga. Ana anandikakamira m'chitenje. A Zimba anali atakhala pa kampando kuseri kwa chitsekocho, chipewa pabondo. Anayankha m'Chingerezi chawo cha kunjanji, chouma ngati chikonyo.

"Gogodani."

"Ndigogode panyumba panga?"

"Nyumba ndi yanu. Chitseko ndi changa. Gogodani."

Kunja kunamveka mayi Noreen ali pampanda wawo, akumuuza kuti amayi ake ankawadziwa, ndipo sanamulere choncho, agogode ngati munthu. Kenako tinamva, pang'onopang'ono, go go go.

"Ndani?" anafunsa a Zimba.

Munthu uja anatchula dzina lake, lonse, ngati mwana wa sukulu.

Ine ndinkayesa kuti atsegula, kapena amutukwana. Koma anatembenukira kwa ine, n'kunena m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Amake Tadala, pakhomo pano mwini mawu ndinu. Ine ndine mlendo. Alowe?"

Chibwerere m'dziko muno ndinali ndisanakanepo kanthu kwa mzungu. Kuntchito inde, kuofesi inde, kwa munthu ameneyu inde ndi zikomo pamwamba. Ndinati mumtima, Yesu ndigwireni pakamwa. Ndiye ndinayandikira chitseko chija, chikununkha utuchi, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka.

"Lero ayi. Mubweze chitseko chathu. Mukatero mudzagogode, ndidzakuphikirani tiyi."

Ndinasuzumira pa kampata ndipo ndinamuona atakhala m'vani, mutu pa chiwongolero, osaliza injini. Naye anali munthu wothamangitsidwa, kungoti womuthamangitsa wake sankaoneka nkhope. Ndinamupempherera madzulo ake, a Zimba n'kumati ndikuwononga pemphero.

Mnyamata wina wa kumpingo, wophunzira pa yunivesite, anatithandiza kukadandaula ku ofesi yoona za anthu a lendi, ndipo sabata isanathe chitseko chenicheni chinabwerera. Landilodi anachipachika yekha, anatuluka, anatseka, n'kugogoda. Tiyi wake anamwa. Tinakhala m'nyumbamo mpaka chisanu chinatha, ana anamaliza chaka cha sukulu, bambo awo anabwerera, ndipo tinasamukira ku Lucan tsiku limene tinasankha tokha. Chitseko chamapaleti chinakwera padenga la galimoto ya m'bale wina wa ku Zambia, amene anadandaula njira yonse kuti timupalira penti. A Zimba anachipachika pa kashedi kakuseri, n'kusandutsa mmenemo mogwirira ntchito.

Chimene chinawatenga ndi chifuwa. Madokotala anati m'mapapo munali zipsera zakalekale. Esinati anabwera kuchokera ku Australia, ndipo ali pambali pa bedi anayamba kunena zokawaika kumudzi. Bambo ake anachotsa chopumira kukamwa.

"Kumudzi kwake kuti?"

"Ku Malawi, ababa."

"Malawi ndi wamkulu. Ukanditula pakhomo pa yani? Musadzandikweze ndege m'bokosi ngati katundu. Pomwe ndagwera ndi pomwepo."

"Anthu adzati chiyani?"

"Adzati anakana."

Ndinawafunsa ngati ndingapemphere. Anati pempherani, koma mufupikitse. Ameni anamunena pamalo pake tsiku limenelo, ine nditamaliza. Chimenecho ndimachisunga, ndipo ndimathokoza nacho Ambuye.

Tinawaika konkuno. Okonza maliro sakanalola kuti tiwanyamulire pa chitseko, ndipo sitinalimbane nawo. Koma m'mawa wa tsikulo ine ndi Esinati tinapita kushedi ndi hamala yawo, tinazula thabwa lapakati, labuluu lija, n'kukaligoneka m'bokosi pambali pawo. Mzungu wa maliro anafunsa kuti n'chiyani. Esinati anati ndi mwambo wa kwathu. Anafunsa kuti kwanu kuti. Mwana wawo uja, yemwe sanapondeko n'kamodzi komwe, anati ku Pamacheka.

Tadala anayesapo kusaka mudziwo pa kompyuta, agogo ake ali moyo. Panangooneka zobiriwira. A Zimba anati makinawo saona maenje. Iwo anapitako kamodzi asanabwere kuno, ndipo ankati msewu wa malole unatsekeka ndi minga, muyenera kulowa chowerama. Nyumba palibe ngakhale chikhoma. Mumadziwa kuti apa panali khomo poona mtengo wa mango waima pakati pa tchire popanda chifukwa. Maenje ochekera alipo, adzaza masamba, ndipo mukakumba ndi phazi mumapeza utuchi wakuda ngati fodya. Kumanda kwamera timibawa tating'ono, pamzere, ngati wina anachita kubzala. Ankati anaima pomwe panali nyumba ya mayi awo, anaodira, n'kudikira.

Kashedi kathu ka ku Lucan nakonso kali duu. Kampando kali kuseri kwa chitseko momwe anakasiyira, thumba lachiguduli lili pa msomali, chingwe chamakala chikadali chokulunga mmene amakulungira iwo. Pansi pali utuchi umene sindinasese. Ana akafuna njinga zawo mmenemo amagogodabe, ngakhale palibe wofunsa kuti ndani. Pakati pa chitseko pali mpata wotalika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mvula ya kuno, yosadziwa kugwa choongoka, imalowera pomwepo. Bambo a Tadala abwera kale ndi thabwa latsopano kuti atsekepo. Ndawauza kuti alibweze komwe alitenga. Thabwa la pamenepo lilipo, lili ndi mwini wake.